Mitsempha Yake Iti, Kutupa Kwake Kotani?

Pa mawu onse amene timatchulira ziwalo za thupi, palibe amene tawasenzetsa katundu wolemera ngati akuti mtsempha. Njira imene magazi amadzera pochoka kumtima ndi mtsempha. Imene amabwerera nayo ndi mtsemphanso. Kaulusi koyera kamene kamatenga uthenga kuchoka ku ubongo kukafika kuchala, kaja kamachititsa dzanzi kakapanikizika, nako timakatcha mtsempha. Ngakhale chingwe cholimba cha kuseri kwa chidendene, chimene wogula nyama amakana kuti chisakwere pasikelo, dzina lake ndi lomwelo.

Pocheza pakhonde izi sizivuta, chifukwa wodandaula amaloza pamene pakupweteka ndipo timamvana. Zimavuta mawuwa akakwera pawailesi kapena akalembedwa pakapepala ka uthenga wa zaumoyo, pamene palibe chala cholozera. M'zaka za mliri wa Covid-19 tinkamva mawu onga akuti matendawa amagwiranso mitsempha ndi impso. Wonenayo ankadziwa zimene akutanthauza. Koma gogo amene miyendo imamuchita dzanzi usiku ankamva zina. Kwa iye mitsempha ndi ija imakokana m'chiuno, ndipo mankhwala ake ndi Brufen kapena Indocid wa pagolosale. Mapiritsi amenewo ndi omwe amapweteka impso zimene zafooka kale, makamaka munthu akakhala kuti watentha thupi ndipo sakumwa madzi okwanira. Wolengeza uja akanawonjezera mawu awiri okha, akuti "ya magazi", gogoyo sakanasokera.

Nkhani yake yeniyeni ndi iyi. Kachilombo ka Covid-19, kamene kanayamba kudziwika ku Wuhan m'dziko la China mu Disembala 2019 ndipo boma linalengeza kuti kafika m'Malawi pa 2 Epulo 2020, kamalowa m'maselo pogwira puloteni yotchedwa ACE2. Puloteni imeneyi imapezeka m'mphuno ndi m'mapapo, koma ilinso m'matumbo, mumtima, m'mitsempha ya magazi ndi m'impso. Mu Epulo 2020 madokotala a ku Zurich analemba m'magazini ya The Lancet za odwala atatu amene anawapeza ndi vuto pa kakhungu kopyapyala koyala m'kati mwa mitsempha ya magazi, m'ziwalo zosiyanasiyana. Mwezi wotsatira madokotala a ku New York anatulutsa zimene anapeza pa odwala 5,449 ogonekedwa m'zipatala zawo: impso za odwala oposa 36 pa 100 alionse zinavulala mwadzidzidzi. Ambiri mwa iwo impso zinavulala chifukwa magazi sankafikako mokwanira ndipo mpweya unachepa m'thupi. Mwa ena chitetezo cha m'thupi ndicho chinapitirira muyezo n'kuyamba kuwononga mwini wake.

Chachiwirichi ndiye mutu wa nkhani yathu, ndipo ndi pamene mawu ena amatipunthwitsa: kutupa. Dokotala akalemba vasculitis, womasulira amati kutupa kwa mitsempha. Akalemba nephritis, amati kutupa kwa impso. Sikuti wanama. Koma kwa Mchewa kutupa ndi chinthu chooneka ndi maso: tsaya la munthu wodwala dzino, chikope cha mwana amene walumidwa ndi mavu. Chimene madokotala amanena chili ndi mbali zinayi zimene Celsus, mlembi wa ku Roma, anazindandalika zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, zomwe ndi kufiira, kutentha, kutupa ndi kupweteka. Ife tinatolapo imodzi, ndipo tinatola yomwe m'impso siioneka n'komwe. Munthu wouzidwa kuti impso zake zatupa amakafika kunyumba n'kudzipapasa kumsana. Akapeza kuti palibe chotumphuka, amayamba kukayikira ngati dokotala uja anamupima bwino.

Pali mawu ena achikale amene ndimaona kuti tawataya msanga, akuti kutukusira. Bala likatukusira limatentha, limawawa, m'mbali mwake mumafufuma. Mawuwa akuyandikira kwambiri zimene zimachitika m'khoma la mtsempha wa magazi, chifukwa amanena za ntchito imene ili m'kati, yosatha lero. Chilema chake n'chakuti ambiri akamva kutukusira amaganiza za mafinya, pamene pa matenda awa mafinya palibe. Komabe m'kuona kwanga ndi bwino kunena kuti timitsempha ta magazi tatukusira n'kufotokoza kuti mafinya palibe, kusiyana n'kunena kuti mitsempha yatupa n'kumusiya munthu akufufuza chotupa chimene sadzachipeza.

Ndiye pali kutupa kwina kumene kumaonekadi, ndipo Chichewa chili nako kale dzina lake: kutupikana. Mwana amadzuka m'mawa zikope zitalemera, maso atachepa. Pofika madzulo mapazi adzaza, nsapato sizikulowa. Mukadinikiza chala chachikulu pamsongolo n'kuwerenga mpaka 10, pamatsala kadzenje kamene kamachedwa kubwerera. Amenewo ndi madzi amene impso zalephera kutulutsa, kapena amene atuluka m'mitsempha chifukwa mapuloteni a m'magazi akutayikira mumkodzo. Kutukusira kuli m'kati ndipo ndiko gwero. Kutupikana kuli kunja ndipo ndi chizindikiro chabe. Tikazitcha zonse ziwiri kutupa, wodwala amene wapatsidwa mapiritsi okodzetsa amaona miyendo yaphwa pakatha masiku ochepa, ndipo amati matenda atha. Tsiku lobwerera kuchipatala limadutsa iye ali kumunda.

Ngakhale kamawu koti "ndi" mu "mitsempha ndi impso" kakusokeretsa, chifukwa kakuchititsa ngati tikunena za matenda awiri ongokumana pa munthu mmodzi. Impso iliyonse, yomwe kukula kwake ndi ngati chibakera cha mwini wake, ili ndi tisefa pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kasefa kalikonse ndi kampukutu ka timitsempha ta magazi. Pa tsiku impso ziwiri zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, n'kubweza pafupifupi onse m'magazi, kusiya lita imodzi kapena awiri kuti atuluke ngati mkodzo. Mayi aliyense amadziwa zimene zimachitika sefa ya ufa ikang'ambika: misere imene inayenera kutsala pamwamba imagwera mu ufa. Tisefa ta m'impso tikawonongeka, magazi ndi mapuloteni zimene zinayenera kutsala m'thupi zimadutsa. N'chifukwa chake mkodzo umasintha mtundu, ndipo umachita thovu losaphwa msanga. Choncho matenda a timitsempha ta magazi akafika ku impso sanasanduke matenda ena, afika pamene timitsemphato tachulukitsitsa.

Zimenezi sizinabwere ndi Covid-19. Johann Schönlein mu 1837 ndi wophunzira wake Eduard Henoch mu 1874, onse a ku Germany, anafotokoza matenda amene kwa zaka zambiri ankadziwika ndi mayina awo, ndipo kuyambira 2012 amatchedwa IgA vasculitis. Amagwira kwambiri ana osapitirira zaka 10, ndipo kawirikawiri amabwera mwana atangodwala kumene chimfine kapena zilonda za pakhosi. IgA ndi mtundu wina wa chitetezo chimene chimalondera m'mphuno, pakhosi ndi m'matumbo. Pa matendawa chitetezochi chimaunjikana m'makoma a timitsempha ta magazi. Mwana amatuluka timadontho m'miyendo ndi m'matako, mawondo ndi akakolo zimapweteka mpaka kukana kuyenda, m'mimba mumapota. Ambiri amachira m'milungu ingapo. Koma impso zimatha kuyamba kuvuta timadontho tija titazimiririka kale, ndipo n'chifukwa chake madokotala amafuna kumapimabe mkodzo ndi BP ya mwanayo kwa miyezi 6.

Mvetserani mmene zokambirana zimayendera mwana wotere akafika pamaso pa wachipatala.

"Amayi, mwanayu wadwalapo chiyani masiku apitawa?"

"Ayi adokotala, sanadwale."

"Ngakhale chifuwa, kapena kutentha thupi?"

"Kaya, kachimfine chabe sabata yatha ija, koma anachira. Izi ndi zina."

Mayiyu sakubisa kanthu. Walankhula Chichewa cholondola monga tonse tinachiphunzirira: chimfine sitimachiwerengera pa matenda, ndipo mamina akauma timati munthu wachira. Wofunsayo akanaima pa funso loyamba, ulusi womangira nkhani yonse ukanaduka pomwepo. Apa udindo uli kwa wofunsa. Funso loti "wadwalapo?" silikola chimfine. Lofunika ndi lotchula zinthu mayina ake ndi nthawi yake: m'mwezi uno, kodi anatsokomolapo, anachitapo mamina, anadandaulapo pakhosi? Makolo anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ndipo pa chimfine chotsatiridwa ndi zizindikiro zachilendo mawu oti "wachira" ayenera kudikira. Madokotala a ku London anaphunzira zomwezi kumapeto kwa Epulo 2020, pamene anachenjeza za ana ofika ali otentha thupi kwambiri, maso ofiira, m'mimba mukupweteka, mtima ukufooka, patapita milungu 2 mpaka 6 chidwalireni Covid-19. Ena mwa anawo sanaonetse n'komwe kuti anadwalapo. Zizindikiro zake zinkafanana ndi za matenda a mitsempha ya magazi amene Tomisaku Kawasaki wa ku Japan anawafotokoza mu 1967.

Timadontho tija natonso tili ndi nkhani yake, ndipo iyi imandipweteka mtima kuposa zina. Mabuku ambiri a zachipatala analembedwa poyang'ana khungu loyera, ndiye amati timadonthoto n'tofiira. Womasulira wokhulupirika amalemba kuti "zidzolo zofiira", ndipo mayi wa mwana wakhungu lakuda amayang'ana miyendo ya mwana wake osaona chofiira chilichonse. Pakhungu lathu timadonthoti timaoneka takuda kuposa khungu lozungulira, ngati pamene padontha inki, ndipo nthawi zambiri chala chimatizindikira diso lisanatione, chifukwa timakhala totumphuka pang'ono. Sitiyabwa ngati mphere. Mukatidinikiza sitizimirira, poti ndi magazi amene atuluka mumtsempha n'kukhala pansi pa khungu. Amene wamasulira mawu molondola koma osayang'ana khungu la amene adzawerenge, ntchito sanaimalize.

Pa mkodzo wamagazi tili ndi mawu amodzi okonzeka kale pakamwa, makamaka ife a m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo: likodzo. Mawuwa ndi abwino pa malo ake. Likodzo ndi matenda a tinyongolotsi tochokera ku nkhono za m'madzi, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel amene ana amalandira m'sukulu. Cholakwika n'chakuti dzina la matenda lasanduka dzina la chizindikiro, moti aliyense wokodza magazi timati ali ndi likodzo, ndipo pena timaliona ngati chinthu chimene mnyamata aliyense amadutsamo pokula. Magazi a likodzo kawirikawiri amabwera kumapeto kwa kukodza, ofiira bwino, ndipo pena pamakhala kuwawa. Magazi ochokera ku tisefa ta m'impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mtundu wake umakhala wa tiyi wopanda mkaka, ndipo nthawi zambiri sipakhala kuwawa. Jean Berger wa ku Paris anafotokoza mu 1968 matenda a impso amene chitetezo cha IgA chomwe chija chimaunjikana m'tisefa, ndipo odwala ake ambiri amaona mkodzo wotere pakangopita tsiku limodzi mpaka atatu chiyambireni chimfine. Munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, likodzo ndi vuto la impso, ndipo chosiyanitsa ndi kupima. Pofika kuchipatala tizinena chimene taona: mkodzo wasanduka ngati tiyi kuyambira dzana, mwana anali ndi chimfine. Dzina la matenda tisiyire wopima.

Chimodzimodzinso mwana akatupikana nkhope ndi miyendo. M'midzi yambiri mawu oyamba amakhala tsempho kapena mdulo, ndipo makolo amaitanidwa kuti afunsidwe za m'nyumba mwawo. Ena amati ndi kunyentchera basi, amupatse phala la soya. Sindikulemba kuti ndinyoze miyambo ya anthu. Ndikungoti dzina likaperekedwa msanga limatseka mafunso ena onse, ndipo pamene akuluakulu akukambirana, BP ya mwana amene impso zake zatukusira ikhoza kukwera mpaka kumukomola. Zokambirana za pabanja zingachitike mkodzo wa mwanayo utapimidwa kale.

Mawu akuti kachilombo nawo ali ndi mbiri yake pakati pathu. Chiyambire pamene HIV inapezeka m'dziko muno mu 1985, kunena kuti uje ali ndi kachilombo, osatchula dzina, kumatanthauza chinthu chimodzi. Namwino akauza bambo kuti impso za mwana wawo zavulala chifukwa cha kachilombo, bamboyo amangoti zii, maganizo ali kutali, zotsalazo osazimvanso. Kachilombo kazikhala ndi dzina lake nthawi zonse: ka chimfine, ka Covid-19, ka HIV. Tisaopenso mawu akuti vayirasi ndi bakiteriya, poti akhazikika ndipo akusiyanitsa zinthu zimene mawu akuti tizilombo amaziphatikiza. Kusiyanitsako kuli ndi ntchito. Amoxicillin sapha vayirasi, ndipo kumwetsa mwana makapisozi otsala a chaka chatha sikuteteza impso zake ku chimfine. Koma pali matenda enanso a impso obwera pakapita sabata imodzi mpaka atatu kuchokera pamene mwana anadwala zilonda za pakhosi zoyamba ndi bakiteriya, kapena pambuyo pa zilonda za pakhungu monga za mphere yokandidwa. Amenewo mwana amatupikananso n'kukodza mkodzo wa tiyi, koma gwero lake ndi lina.

Tisapitirirenso mbali inayo. Wolemba akati "chimfine chimayambitsa matenda a impso", kachigawo ka -ma- kamene kali pakati pa mneniyo kakunena za chizolowezi, chinthu chochitika nthawi zonse monga timati dzuwa limatuluka kummawa. Zimenezo si zoona, ndipo anthu amadziwa kuti si zoona, chifukwa aliyense wadwalapo chimfine kambirimbiri impso zake zili bwinobwino. Uthenga wokokomeza umaphunzitsa anthu kusamvera uthenga. Chichewa chili ndi zida zonenera zinthu pa muyezo wake: chingayambitse, chikhoza kutsatiridwa ndi, mwa ana ena ochepa. Tizisamalanso mawu oti "matenda a anthu akuda". Mu 2020 madokotala a ku America anaona mtundu wina woopsa wa kuwonongeka kwa tisefa mwa odwala Covid-19 amene makolo awo anachokera ku Africa, ndipo ambiri mwa iwo anatengera kwa bambo ndi mayi omwe kusintha kwa jini yotchedwa APOL1. Kusinthaku kunadziwika mu 2010, n'kofala kwambiri kumadzulo kwa Africa, ndipo akuti mwina kunafalikira chifukwa kumateteza ku kaodzera, matenda a kashembe amene anthu a ku Nkhotakota ndi ku Rumphi amawadziwa. Ndi nkhani ya zotengera ku mtundu mwa anthu ena, ndipo anthu akuda ochuluka alibe vutoli.

Mawu olemera kuposa onse ndi aja amanenedwa m'khonde la chipatala, achibale atazungulira amene watuluka kokaonana ndi dokotala: "Akuti impso zafa." Chakufa sichidzuka, ndipo banja likamva choncho limayamba kuganiza zotenga wodwala kupita naye kumudzi. Koma kuvulala kwadzidzidzi kwa impso, kobwera m'masiku ochepa chifukwa cha matenda ena, nthawi zambiri kumabwerera wodwala akathandizidwa msanga. N'kosiyana ndi kufooka kwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kumene shuga ndi BP zimabweretsa. Pa koyambako mawu oona ndi akuti impso zaima, kapena zafooka mwadzidzidzi, ndipo wonena awonjezere kuti zikhoza kuyambanso. Nawo makina a dialysis, monga amene ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, anthu ambiri amawatcha otsuka impso. Makinawa sakhudza impso n'komwe. Amatulutsa magazi m'thupi, kuwasefa n'kuwabweza, kugwira ntchito imene impso zalephera. Amene wamva kuti akukatsukidwa impso amayembekeza kuti zikayera abwerera kwawo atachira, ndipo akauzidwa kuti abwerenso mkucha amaona ngati ulendo woyamba sanamutsuke bwino. Tiziti makina osefa magazi. Kwa amene impso zangoima kwa kanthawi, makinawa amamusunga ndi moyo kufikira zitayambanso, ndipo banja liyenera kumva zimenezo momveka lisanasankhe chochita.

Ena amati zonsezi zikuonetsa kuti Chichewa n'chosauka pa za sayansi, ndiye tingolankhula Chingerezi. Sindivomereza. Mayi wouzidwa kuti mwana wake ali ndi nephritis amatuluka m'chipinda chopimira monga analowera. Ena amafuna kuti akatswiri, monga a Centre for Language Studies imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, atipangire mawu atsopano pa matenda aliwonse. Ntchito imeneyo ndi yofunika m'mabuku a ophunzira za udokotala, koma mawu opangidwa dzulo sathandiza mayi amene ali pamzere lero. Kutukusira, kutupikana, kusefa, kuima, kufooka, onsewa ndi mawu amene agogo athu ankawadziwa. Chimene chatichepera ndi kuleza mtima konena chiganizo chathunthu pamene tazolowera kuponya liwu limodzi.

Inu olengeza pawailesi, inu omasulira timapepala ta zaumoyo, ndi inu alangizi a zaumoyo amene mumayenda khomo ndi khomo, musanene mitsempha osanena kuti ndi ya magazi, ndipo musanene kachilombo osakatchula dzina. Uzani makolo kuti m'milungu yotsatira chimfine aziyang'ana zinthu zimene maso ndi chala zingathe kuona: mkodzo wa mtundu wa tiyi kapena wa thovu, kukodza pang'ono kusiyana ndi kale, nkhope yotupikana m'mawa, timadontho takuda totumphuka m'miyendo ndi m'matako. Akaona chimodzi mwa izi asamupatse wodwalayo Brufen, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, atchule za chimfine chija ngakhale chinatha, ndipo apemphe kuti amupime mkodzo ndi BP.